Tisitima tapathebulo, ndi momwe njanji ya Chipata ingakwanire m'chipinda

Aliyense amene walowapo m'chipinda changa chakumbuyo amaima kaye pakhomo akaona thebulo lija, pali njanji, kaphiri, timitengo ta mango, ndi kasitima kakuyenda pang'onopang'ono kakukoka mabogi asanu. Alamu anga ndiwo anafunsa mosabisa, akuti “Alamu, izi mwagulira ana kapena n'zanu?” N'zanga. Ndiye popeza kufotokoza pakamwa kumatenga madzulo onse mpaka nsima kuzizira patebulo, ndati ndilembe bwinobwino kuti chinthuchi n'chiyani, chimayenda bwanji, komanso chifukwa chake munthu wa kuno kwathu akafuna kupanga njanji yathu yeniyeni amakumana ndi vuto limene anzathu a ku Germany kapena ku America sakumana nalo.

Ife a kum'mawa kuno ntchito imeneyi siyachilendo olo pang'ono. Ndani sanapindepo galimoto ya mawaya, ya chiwongolero chachitali chofika pamchombo, mawilo a zivindikiro za mabotolo, kapena kuumba ng'ombe zadothi kudambo zalinunda lake ndi nyanga zake? Dzanja ndi lomwelo, diso ndi lomwelo. Chimene chimasiyanitsa n'chimodzi chabe, muyeso. Pa galimoto ya mawaya wilo ungalikulitse mmene wafunira, palibe adzakufunsa. Koma pa tisitima timeneti chinthu chilichonse, kuyambira mutu wa sitima, munthu woima pa siteshoni, chitseko cha nyumba, mpaka mwala wa pansi pa njanji, chimachepetsedwa ndi nambala imodzi yomweyo. Nambala imeneyo ndiyo sikelo.

Sikelo yofala kwambiri padziko ndi HO, imene ndi 1:87. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chenicheni uchiyeze, ugawe ndi 87, yankho lake ndiwo msinkhu wa kachinthu kako. Munthu wamtali mamita 1.7 amakhala pafupifupi masentimita 2. Chitseko cha mamita 2 chimakhala mamilimita 23. Kontena yaitali ija ya mafiti 40 imene timaiona pa mathiraki pa Mwami imakhala masentimita 14, ing'onoing'ono ya mafiti 20 masentimita 7. Mtengo wa mango waukulu wa mamita 15 umafika masentimita 17, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa, amapanga timitengo tofupika ngati tchire, kuiwala kuti mango a kumudzi amaposa denga la nyumba kawiri kapena katatu. Palinso N imene ndi 1:160, yabwino kwa amene alibe malo chifukwa njanji yonse ingakwane pa chitseko chakale, koma maso ndi zala zimavutika. Pali O yaikulu, imene ku America ndi 1:48 pomwe ku Britain ndi 1:43.5, ndipo dzina loti HO linachokera pamenepo, kutanthauza theka la O. Pali TT ya 1:120, S ya 1:64, ndi kakang'onong'ono kotchedwa Z ka 1:220 kamene kampani ya Märklin inatulutsa mu 1972. Palinso zikuluzikulu zoyenda panja pabwalo zimene kampani ya LGB inayamba mu 1968.

Manje pali mawu ena achiwiri amene anthu amawasokoneza ndi sikelo, ndiwo geji. Sikelo ndi kuchepa kwa chinthu, geji ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji. Njanji zambiri za ku Ulaya, America ndi China mpata wake ndi mamilimita 1,435. Mukagawa ndi 87 mupeza 16.5, ndipo njanji ya HO yogula m'bokosi mpata wake ndi mamilimita 16.5 ndendende. Ya N ndi 9, ya TT ndi 12, ya O ndi 32, ya Z ndi 6.5. Kugwirizana pa miyezo kumeneku kunayamba kale, Märklin yomweyo inaonetsa njanji za zidole za miyezo yokhazikika ku Leipzig mu 1891, ndipo ku America bungwe la NMRA linakhazikitsidwa mu 1935 makamaka kuti bogi ya kampani ina izitha kuyenda panjanji ya kampani ina. N'chifukwa chake lero mutu wa Bachmann umayenda bwinobwino panjanji ya Peco kapena ya Atlas.

Apa ndiye pamene nkhani yathu ikupatukira. Njanji zathu si za 1,435. Ya Zambia Railways, ya TAZARA, ya ku Malawi, Zimbabwe, South Africa, ndi iyi yochoka ku Mchinji kufika ku Chipata, zonse mpata wake ndi mamilimita 1,067, mafiti atatu ndi theka, geji imene imadziwika kuti Cape gauge. Gawani 1,067 ndi 87, mupeza 12.3. Ndiye kuti mukatenga mutu wa sitima yathu wa sikelo ya HO n'kuukhazika panjanji ya m'bokosi ya 16.5, mwaupatsa njanji yotakata kuposa yake ndi mamilimita anayi. Wina anganene kuti mamilimita anayi n'chiyani, koma pa kanthu kotambalala masentimita atatu chabe diso limaona. Sitima zathu zili ndi kaimidwe kake, thupi lalikulu pa miyendo yoyandikana, bogi imachita kusefukira mbali zonse ziwiri za njanji, ndipo ukaiika panjanji yotakata kaimidwe kameneko kamatha, imaoneka ngati ya kwina.

Anthu a m'mayiko a geji ngati yathuyi anapeza njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Yoyamba ndi kungovomereza, kuyendetsa HO pa 16.5 basi, ndipo ambiri ku South Africa amachita choncho kaili ndi zimene zinkapezeka, kampani ya Lima ya ku Italy inkapanga sitima za South African Railways zoyenda pa 16.5, ndipo Frateschi ya ku Brazil imapanga mutu wa dizilo wa General Electric U20C, mtundu womwewo umene Zambia Railways inagula, moti kungoupenta mwatsopano wakhala wathu. Yachiwiri ndi kusunga sikelo ya HO koma kugwiritsa njanji ya mamilimita 12, imene mukachulukitsa ndi 87 ikupatsani 1,044, pafupi kwambiri ndi yathu, koma pamenepo mawilo ndi makina a pansi uyenera kusintha kapena kufunafuna, ndipo sizipezeka wamba. Yachitatu ndi yochenjera ndipo ine ndimaikonda, kusiya njanji ya 16.5 mmene ilili n'kukulitsa thupi la sitima kufika pa sikelo ya S, 1:64. Chulukitsani 16.5 ndi 64, mupeza 1,056, kusiyana ndi 1,067 ndi mamilimita 11 chabe pa njanji yeniyeni, palibe diso lingaone. Ubwino wake njanji, mawilo ndi mamota a HO n'zosasowa, kuipa kwake thupi lililonse uyenera kupanga wekha ndi manja. Ku New Zealand, komwe geji yawo ndi yomweyi, amachita zimenezi kwambiri, ndipo ena kumeneko amatenga njanji ya N ya mamilimita 9 n'kupangira thupi la 1:120. Ndipo musaiwale kuti tigalimoto tambiri tachitsulo ta ana, monga ta Hot Wheels ndi Matchbox, tili cha m'ma 1:64 momwemo, ndiye msewu wodutsa njanji umadzaza mosavuta.

A ku Britain nawonso ali ndi vuto lotere koma lotembenuka, sikelo yawo yotchedwa OO, ya kampani ngati Hornby, thupi ndi 1:76 pa njanji ya 16.5, njanji imachepera thupi, chifukwa kalelo timamota sitinkakwana m'timitu tawo ta HO. Ndiye mukamagula zakale muziyang'ana pabokosi, HO ndi OO zimayenda panjanji imodzi koma kuziimika pamodzi ina imaoneka yonenepa.

Ine ndinayamba ndi HO pa 16.5 chifukwa ndi imene msuweni wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg, yogwiritsidwapo kale, mutu umodzi, mabogi angapo ndi njanji yozungulira. Sindichita nayo manyazi, ndipo amene akuyamba ndingamuuze kuti ayambe ndi chimene chapezeka, adziwe chabe kuti pali kusiyana kumeneku kuti asankhe akudziwa.

Funso lotsatira ndi lakuti upange malo ati. Ambiri amangokopera zimene zili pabokosi, mapiri a chipale chofewa ndi tinyumba ta ku Germany, ndipo n'zokongola zoona, ku Hamburg kuli nyumba yoonetseramo tisitima yotchedwa Miniatur Wunderland imene anaitsegula mu 2001 abale awiri amapasa Frederik ndi Gerrit Braun, njanji yake ya HO yopitirira makilomita 15, anthu amachita kukhala pamzere kuti akaone. Koma ine mtima wanga sunakhazikike mpaka nditaganiza zopanga kwathu. Tili nayo njanji, inayambidwa mu 1982, inagona zaka zambirimbiri udzu n'kumera, n'kudzatsegulidwa mu Ogasiti 2010 nthawi ya a Rupiah Banda, pafupifupi makilomita 27 kuchokera ku Mchinji, cholinga chake kuti katundu wathu azitsikira kudoko la Nacala ku Mozambique kudzera ku Malawi. Kwa ana ambiri a kuno sitima ndi chinthu chongomva, kaili njanji yaikulu ya dziko ili kutali, ija inawoloka Zambezi pa ulalo wa Victoria Falls mu 1905 n'kufika ku Kabwe mu 1906, ndi TAZARA ya makilomita 1,860 kuchoka ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam imene inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira 1970 mpaka 1975. Amene amakonda sitima za malasha apite ku Railway Museum ku Livingstone akaone zakale, pakati pake ma Garratt aja a kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester, boila pakati, mawilo oyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo, opangidwa choncho kuti mutu wamphamvu uzitha kukhota panjanji yopepuka ya makona ambiri ngati yathu.

Koma taonani masamu, makilomita 27 kugawa ndi 87 ndi mamita 310. Olo bwalo la mpira silikwana. Ndiye palibe amene amapanga njanji yonse, umasankha tizigawo timene munthu akationa anene kuti apa ndi kwathu, n'kutipanikiza pamodzi. Ine ndinasankha zinayi, kashedi kopakirira matumba, pamene msewu wafumbi ukudutsa njanji, kalavati wa kamtsinje, ndi phiri kumbuyo longa la Kanjala lojambula pa bolodi. Kusankha kumeneku ndiye luso lenileni, ndipo kumafuna kuyenda ndi kuyang'ana. Tenga tepi, kabuku ndi foni, yeza chitseko, werenga mizere ya njerwa, ona mtundu wa miyala. Koma pemphani chilolezo musanajambule pa siteshoni, ndipo musayende pakati pa njanji olo ikuoneka ngati yagona.

Thebulo lake sililira zambiri. Pulayiwudi yathunthu ndi mamita 2.44 kwa 1.22, ndipo kukula kumeneko kumangokwana njanji yozungulira ya HO, chifukwa kona yothina kwambiri imene mitu yambiri imalola ndi ya masentimita 46 kuchokera pakati, ndiye kuzungulira konse kumadya pafupifupi mita imodzi. Kona yothina kuposa pamenepo mabogi aatali amagwa kapena kumasuka. Chitunda nachonso chili ndi malire, kukwera masentimita awiri pa mita iliyonse ndi bwino, mukapitirira atatu mawilo amayamba kuterera, mofanana ndi sitima yeniyeni chifukwa chitsulo pa chitsulo sichigwira ngati tayala pa tala. Ngati malo mulibe, shelefu ya mamita awiri m'litali ndi masentimita 30 m'lifupi yotsamira khoma ikwanira, ndifotokoza kutsogoloku chimene mungachite nayo. Pansi pa bolodi ikani mapulanga opingasa kuti isapindike, ipenteni mbali zonse ziwiri chifukwa chinyezi cha Januwale chimafufumitsa thabwa, ndipo miyendo isagunde khoma kapena dothi, chiswe sichidziwa kuti munavutika miyezi ingati. Polumikiza zitsulo za njanji siyani kampata kochepa ngati kukhuthala kwa khadi, pakuti kutentha kwa Okutobala pansi pa malata kumafutukula chitsulo, ndipo kwanga njanji ina inachita kupindika ngati njoka chaka choyamba chifukwa ndinathinitsa kwambiri.

Za malaiti tsopano. Kasitima kalibe batire mkati, mphamvu kamatenga kunjanji, chitsulo china ndi pozitivi china negetivi, mawilo amatola n'kupereka ku kamota. Njira yakale ndi DC, mpaka mavoti 12, ukapotoza kontirola mphamvu imakwera kasitima n'kuthamanga, ukatembenuza switchi kamabwerera m'mbuyo. Vuto lake n'lakuti ukulamula njanji osati mutu, ndiye ukaika mitu iwiri yonse imanyamuka pamodzi, pokhapokha njanji uidule m'zigawo chigawo chilichonse ndi switchi yake, mawaya pansi pa thebulo amachita kuwirira. Njira yatsopano ndi DCC, imene inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany n'kuvomerezedwa ndi NMRA m'ma 1990. Mmenemu njanji imakhala ndi mphamvu nthawi zonse, ndipo m'mphamvu momwemo mumayenda uthenga, mutu uliwonse uli ndi kadikoda kokhala ndi nambala yake ngati nambala ya foni, katsopano kamabwera ndi nambala 3, ndiye ukaitana nambala 5 umayenda wa 5 wokha ena ali chiimire. Madikoda ena ali ndi sipika, umamva dizilo ikulira ndi huta. N'zabwino koma ndalama zake n'zambiri, ndipo pa thebulo la mutu umodzi kapena iwiri DC ikukwana.

Ubwino wina wa DC kwa ife ndi wakuti mavoti 12 ndi omwewo a batire ya sola kapena ya galimoto, ndiye malaiti akapita iwe umangolumikiza ku batire kudzera pa kakontirola kotsitsa ndi kukweza mphamvu, osaiwala fyuzi pakati, chifukwa batire ikachita shoti panjanji imatha kusungunula waya ngakhale kuyatsa moto. Chenjezo lina kwa ogula zakale, thiransifoma yochokera ku America ndi ya mavoti 120 pomwe athu ndi 230, kungoilowetsa pakhoma yapsa. Ndipo HO ya Märklin ndi ya mtundu wina, imayendera AC, malaiti osinthasintha mbali, osati DC, ndipo imatola mphamvu pa timinga ta pakati pa njanji, siyenda pa njanji wamba ya zitsulo ziwiri, ndiye mukaona kasupuni kachitsulo pansi pa mutu dziwani kuti ndi imeneyo.

Mdani wamkulu kuno ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, masiku awiri chabe njanji yayera, kasitima kamayamba kudukiza, kuima, kuthwanima nyale. Anthu amaganiza kuti mota yafa pomwe ndi litsiro. Pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, mawilonso chimodzimodzi, ndipo musakhule ndi sandipepa chifukwa imasiya timikwingwirima momwe litsiro limakakamira kuposa kale. Njanji yabwino ndi ya nickel silver, yachitsulo wamba yakale ija imachita dzimbiri nthawi ya dzinja. Mukamaliza kusewera fundikani chitenje.

Tsopano pamene ine ndimakonda kwambiri, kuveka thebulo kuti likhale dziko. Apa ndi pamene munthu wa ku Chipata amaposa wa ku London, chifukwa zimene iye amagula m'timapaketi ife timaponda tsiku lililonse. Mapiri ndi zitunda ndimapanga ndi zoyera zopepuka zija zimabwera m'katoni ya TV kapena fuliji, kusema ndi mpeni, kukuta ndi nyuzipepala yoviika mu guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi. Pamwamba pake dothi lenileni lakatondo. Koma osangolitapa n'kuthira, liyanikeni, likazingeni m'chiwaya chakale kuti tizilombo ndi njere zife, kenako sefani ndi sefa ya tiyi, lotsala pansi losalala ngati ufa woyera ndilo lofunika. Dothi likamwa guluu limada kuposa mmene linalili, ndiye ndimasakaniza ndi mchenga woyera wosefa kapena phulusa pang'ono mpaka likauma lifanane ndi msewu wa kumudzi masana.

Miyala ya pansi pa njanji yeniyeni ndi yaikulu ngati dzira la nkhuku kapena kucheperapo, mukagawa ndi 87 ndi theka la milimita, ndiye kuti mchenga wa mumtsinje wosefa kawiri, sefa yoyamba kuchotsa waukulu yachiwiri kuchotsa fumbi. Musanaugwiritse pititsanimo maginito a sipika yakale, mudzadabwa tizitsulo takuda timene tidzakakamira, ndipo timeneto tikanatsala tikanakokedwa ndi maginito a mota n'kuiwononga. Thirani mchengawo wouma, usalazeni ndi kabulashi pakati pa masilipa, timapulanga topingasa tija ta pansi pa zitsulo, unyowetseni ndi madzi okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti guluu alowe osayandama, kenako dontheza guluu wosakaniza theka ndi theka ndi madzi. Usiyeni tsiku lathunthu. Pa mapointi, pamene njanji imapatukana, samalani kwambiri, kamchenga kamodzi kapena kadontho ka guluu kakalowa pa lilime losuntha lija ndiye kuti lauma pomwepo.

Musanabzale udzu sankhani mwezi. Ichi ambiri sachiganizira, amathira zobiriwira paliponse pomwe dziko lathu limabiriwira miyezi yochepa chabe. Langa ndi la Okutobala, udzu wofiirira wouma, zigamba zakuda za lupsa, mango okha ndiwo obiriwira bii, m'minda muli mizere yopanda kanthu ndi mapesi ogwa. Udzu wautali wa tsekera ndimadula ku chingwe cha khonje, kumasula ulusi wake n'kubzala timagulu ndi kadontho ka guluu, waufupi ndi utuchi wosefa wonyika mu penti yosungunula. Mitengo ndiye kubwerera ku ubwana, waya wa kopa wa m'kebulo yakale, kupota pamodzi kukhala thunthu, kumasula kumtunda kukhala nthambi, kumata ndi guluu wosakaniza ndi utuchi kuti likhale khungwa, masamba ake siponji ya matiresi akale yopera pa sefa kapena pa gireta n'kuipaka utoto. Mango akhale ozungulira odzaza ofika pansi, bulugamu wamtali wowonda wa masamba apatalipatali, ndipo musapange yonse mtundu umodzi wa girini, pitani panja muone, palibe mitengo iwiri yofanana.

Nyumba ndi makatoni olimba kapena pulasitiki yopyapyala. Malata ndi amene anandivuta mpaka ndinapeza njira, mizere ya lata lenileni pa HO imatalikirana osakwana milimita imodzi, ndiye ndimatenga foyilo yokhuthala ya m'zitini za mkaka wa ufa, kuigoneka pa chinthu cha mizere yothina ngati bawuti yaikulu kapena chivindikiro cha mizeremizere, n'kutsindika ndi chikhadabo. Ndikadula timalata timodzitimodzi n'kukhoma mosanjikiza, ena atsopano ena adzimbiri, timiyala pamwamba potsindira mphepo, denga limakhala la kwathu. Nkhokwe ndi timitengo ta machesi ndi udzu wa khonje, matumba a chimanga ndi tinthu toumba ndi dongo tokutira ndi pepala lofewa, uvuni wa njerwa pambali pa mudzi, ndipo njinga zisasowe, Chipata wopanda njinga yonyamula matumba a makala kapena mayi wakhala pa keriya si Chipata. Tianthu togula timabwera tovala majasi a ku Ulaya, ndimatipenta khungu, azimayi ndimawaveka chitenje cha pepala lopyapyala, ena mwana kumbuyo ndi beseni pamutu.

Chomaliza pa kuveka ndi kukalambitsa, ndipo ambiri amaopa chifukwa mutu wagula modula ndiye uudetse dala? Koma sitima yonyezimira ngati yochoka m'shopu pakati pa dothi lofiira imaoneka chidole nthawi yomweyo. Yang'anani bogi yeniyeni, fumbi limakwera kuchokera pansi, dzimbiri limatsika kuchokera pamwamba motsata mmene mvula imayenderera, mwaye umada padenga pafupi ndi potulukira utsi, mafuta amadontha pa thanki. Litsiro lililonse lili ndi pochokera. Ndimagwiritsa penti yamadzi yosungunula kwambiri ngati tiyi wopanda mkaka, kupaka n'kupukuta motsitsa, kenako choko chopera kapena dothi lomwe lija losefa ndi bulashi youma. Yambani ndi bogi yotchipa, pang'onopang'ono, mukaona kuti mwina pakufunika kuwonjezera imani kaye mpaka mawa muione ndi kuwala kwa dzuwa. M'mbali mwa zitsulo za njanji namonso pakani bulauni, pamwamba pokha ndipo pazinyezimira, ndipo pamawilo popondera ndi potola mphamvu penti isafike.

Zonse zikatha, kuyendetsa nakonso kuli ndi sikelo. Sitima ya katundu yothamanga makilomita 40 pa ola, pa HO ndi masentimita 13 chabe pa sekondi, ndiye kuti mita imodzi izitenga masekondi asanu ndi atatu. Ana amafuna iziuluka, koma ukaitsitsa kufika pamenepo n'kugwada kuti diso likhale pa msinkhu wa tianthu tija, imalemera, imakhala sitima. Ndipo kuzungulira chabe kumatopetsa, chokoma ndi kupatsa sitima ntchito, kushanta. Pa shelefu ija ndinanena pali sewero lotchedwa Inglenook la Alan Wright wa ku Britain, njanji zitatu zopatuka, ina yokwana mabogi asanu ziwiri zokwana atatu atatu, mabogi onse asanu ndi atatu, umachita maere kusankha asanu ndi ndondomeko yake, ndiye uwapange sitima motsatana ndi mmene maere agwera pomwe mutu ungathe kukoka atatu okha nthawi imodzi. Kwanga mabogi ake ndi a feteleza, chimanga, thonje, fodya ndi simenti, ndipo alamu aja amene anafunsa ngati n'za ana anakhala ola lathunthu akulimbana kuti bogi ya thonje ituluke kumbuyo kwa ya feteleza.

Kupeza zipangizo ndiye kovuta, m'tauni muno sindinaonepo shopu yogulitsa zimenezi, zimachokera ku South Africa kapena kuitanitsa pa intaneti, ndipo kutumiza kumadula nthawi zina kuposa katundu. N'chifukwa chake ndimati gulani zinayi zokha zimene manja sangapange bwino, njanji ndi mapointi, mutu umodzi woyenda bwino pang'onopang'ono, mawilo ndi zokolera mabogi, ndi kontirola. Ndalama ikakhala yochepa iikeni pa mutu, chifukwa mutu wodukiza umagwetsa ulesi olo malo akongole bwanji. Zina zonse zili kuseri kwa nyumba, kwa akalipentala ku Kapata ndi kumtsinje.

Pakali pano ndayamba kuyesa bogi yanga yoyamba ya 1:64, yotsegula pamwamba, thupi la pulasitiki yodula ku chikwangwani chakale, mawilo a HO. Ndaiika pambali pa zinzake za m'bokosi ndipo yasefukira njanji mbali zonse ziwiri monga zimachitira zathu. Ikayenda bwino pa mapointi osagwa, ndiye kuti shedi, tianthu ndi mango onse ndiyenera kupanganso aakulupo, ndipo waya wa kopa ndayamba kale kusonkhanitsa.